Zaka Zitatu Zimene Unapatsa Munthu Wina

Yohane mng'ono wanga, lero chatha chaka kuchokera pamene tinakuika m'manda, ndipo ndadzuka ndikukumbukira tsiku lija ndinakubisira nsapato. Famu imene tinakulirapo itatengedwa unasowa chochita, kachasu n'kukugwira. Ndinakutengera kwanga ku Greenside, nsapato zako n'kuziponya pamwamba pa kabati kuti usatuluke. Unandiyang'ana n'kuseka: "Achimwene, nsapato mwabisa, nanga ludzuli mulibisa kuti?" Masana omwewo unachoka wopanda nsapato.

Zaka khumi ndinakukalipira, kukupempherera, kukutola m'ngalande, koma osatheka. Kenako kalipentala wina wa ku Zimunya, a Mandaza, amene nawonso anali chidakwa kale, anangokupatsa mpando pagulu lawo la osiya mowa lokumana Lachitatu pakiliniki, n'kukuphunzitsa kupala matabwa, ndipo unasiya. Zaka zitatu zathunthu osalawa, mpaka chiwindi chako chinagonja. Ine unkandiimbira foni pa Khirisimasi pokha, iwo ankadya nawe tsiku lililonse. Pamaliro ananena kuti unkaimba nyimbo ukamagwira ntchito. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti umaimba. Ndinawapatsa moni wa nsonga za zala chifukwa cha nsanje. Kwa ine kunkabwera woledzera, kwa iwo kunapita iweyo weniweni. Chaka chonse ndakhala ndikuzemba foni yawo, koma dzulo ndinawaimbira ndekha. Anangoti, "Bwerani Loweruka, achimwene, mukwere kombi ya m'mawa." Nsanje sinathe, Yohane, koma ndikupita, akandiuze kuti mng'ono wanga anali munthu wotani.