Yolawa ya pa Nsipe

M'boma lonse la Ntcheu mulibe munthu woudziwa ubongo kuposa ine. Ndinauphunzira ku koleji miyezi isanu yathunthu, mpaka aphunzitsi onse anagwirizana kuti ndikapitirizire kunyumba.

Chimene ndinatolako ndi ichi: njala ili pawiri, ya m'mimba ndi ya m'mutu. Ya m'mutu amaiyendetsa ndi dopamini, timadzi ta mu ubongo timene timatuluka ukangomva fungo, n'kumakunong'oneza kuti chisangalalo chenicheni chili m'chidutswa chotsatira. Mimba ikatumiza uthenga kuti yadzaza, dopamini amayankha kuti sanafunse.

Tsiku loti ndikaonekere kwa makolo ake, bwenzi langa anandichonderera. "Chonde, mukadye ngati munthu. Amalume akakuonani mukupukuta mbale, za ukwati muiwale."

Ndinakonza njira ya sayansi. Nditatsika minibasi pa Nsipe ndinakaima pa chiwaya, kuti ndinunkhize tchipisi mpaka dopamini atope yekha. Kudya ayi.

"Achimwene, mukugula kapena mukuwotha moto?" anafunsa bambo wokazingayo.

"Ndili pa kafukufuku."

"Fufuzani ndi yolawa iyi."

Yolawa ndi kachidutswa kamodzi kaulere. Kukana n'mwano, ndipo ine ndinaleredwa bwino. Pamene nzeru zimandibwerera n'kuti nditamaliza mbale zitatu za kachewere, ndikupempha tinyenyeswa topserera ta m'mphepete mwa chiwaya.

Kwa apongozi anandiphera nkhuku. Ndinadya phiko limodzi n'kusamba m'manja.

"Ine zakudyazi sizinditenga mtima kwenikweni," ndinatero, maso ali pansi. Bwenzi langa anandiyang'ana ngati waona mngelo.

Kenako kunja kunamveka odi. Anali amalume aja, akupepesa kuti achedwa kuntchito. Fungo la mafuta ndi limene linayamba kulowa, iwo pambuyo. Dopamini anawazindikira ine ndisanadzutse mutu.

"Achimwene, mlendo wathuyu sadya," anadandaula apongozi aakazi.

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso nkhuku ija.

"Asiyeni, achemwali. Ali pa kafukufuku."

Ndinayamba kuganiza za minibasi yobwerera.

"Koma mwana wathuyu apatseni amukwatire," anapitiriza. "Kasitomala wotere sangapite ku banja lina ine ndili moyo."

Ukwati unachitika, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa Nsipe amandiitana kuti a Kafukufuku. Sayansi yonseyi inandidyera K3,000, kuphatikizapo K200 ya kabichi amene sindinamukhudze n'komwe.