Buku Limene a Levulo Anameta

Amuna anga anthu amawatcha a Levulo, kutengera kachipangizo kamene amisiri amaonera ngati khoma lawongoka, ndipo dzinalo linachokera kwa ine. Tsiku limene anabwera kwathu koyamba, asanakhale n'komwe pansi, anayamba awongola kaye kalendala ya mayi anga imene inapendekeka pakhoma. Ndikanakhala wochenjera ndikanathawa pomwepo, koma ndinali mtsikana, ndinangoti munthuyu ndi waukhondo.

Tili ndi kasitolo ka mabuku pamsewu wopapatiza, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Kutsogolo ndimakhala ine, kugulitsa mabuku atsopano ndi akale, kupukuta fumbi, ndi kuyang'anitsa anthu aja amene amaima pashelefu n'kumaliza mutu wonse wa nkhani osagula. Kuseri kwa katani ndiko kwa a Levulo. Kuli makina akale osindikizira oponda ndi phazi, madirowa odzaza zilembo zachitsulo, mphika wa guluu, ndi chimpeni chachikulu chodulira mapepala, chimene amachipaka mafuta kuposa mmene ankapakira ana awo ali makanda.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa mkulu wina wosindikiza makadi aukwati, amene ankawakwapula zala ndi rula chilembo chikangopendama. Anzawo onse a nthawi imeneyo anagula makompyuta kalekale. Iwo ayi ndithu. Mpaka lero amatola chilembo chimodzichimodzi ndi zala, kuchiika mumzere chozondoka, mpaka tsamba lidzaze. Timabuku timene amasindikiza timatuluka tochepa, koma ukatisisita umamva chilembo chitalowa pang'ono m'pepala, ndipo pali anthu amene amakwera basi kuchokera kutali kudzagula chifukwa cha zimenezo.

Chimene amachilemekeza kuposa zonse ndi malo oyera aja otsala m'mphepete mwa tsamba. Amati buku limene mawu ake afika mpaka kumapeto kwa pepala lili ngati nyumba yopanda khonde. Anandikanizapo kuika pashelefu mabuku oyenda malonda chifukwa choti mphepete mwake munali mopanikizika, ndipo tinakhala masiku osalankhulana. Chodabwitsa n'chakuti munthu wokonda mabuku chonchi sawerenga. Amayang'ana ngati mizere yawongoka, ngati inki yakhala bwino, basi. Ukawafunsa kuti bukuli likukamba zotani, amakuuza kukhuthala kwa pepala lake.

Tsiku lina m'mawa munalowa mayi wina wachikulire atanyamula kanthu kokulunga mumpango. Ndinkawadziwa patali. Amuna awo anali makanika pagalaja ya kumunsi kwa msewu wathu, ndipo anali atamwalira chaka chapitacho. Anamasula mpangowo pakauntala, m'kati muli buku lalikulu lopanda chikuto, lotupa, masamba ena atalekana ndi anzawo. M'mphepete mwake munali bii ndi girisi.

"Bambo, ili ndi la malemu amuna anga," mayiwo anatero, a Levulo atangotuluka kuseri. "Likuyoyoka. Mungondimangirako kuti masamba asamatayike."

Anaoneka ngati akufuna kuwonjezera mawu ena, koma amuna anga anali atatembenuza kale bukulo, akupenda msana wake pafupi ndi mphuno. Anangoti, "Musadandaule mayi, mudzalipeza lili bwino." Mayiwo atangotuluka, a Levulo anapukusa mutu n'kundifunsa kuti kodi munthu angazunze buku chonchi bwanji.

Anaigwira ntchito ija ndi mtima wawo wonse, bodza n'loipa. Anamasula ulusi wakale wonse, anawongola makona opindika, anamata timapepala topyapyala pamene panang'ambika. Anasoka masamba ndi ulusi wolimba, n'kulipanikiza bukulo pakati pa matabwa mpaka kutupa kuja kunatha. Chikuto anapanga cha nsalu yobiriwira imene ankaisungira ntchito yapadera.

Tsono buku likasokedwa, masamba sakhala ofanana, ena amatulukira kunja ena amalowa m'kati. Wosoka mabuku aliyense amaliika pachimpeni n'kulimeta mbali zitatu kuti likhale losalala. Ndi zimene anawaphunzitsa, ndipo manja amachita okha mutu usanafunsidwe. A Levulo anameta koyamba, n'kuona kuti kuda kwatsalabe. Analisunthira m'kati pang'ono n'kumetanso. Kenako anandiitana kuti ndidzaone, nkhope ili ngwee. M'mphepete monse munali mbee, ndipo linalidi buku lokongola kuposa onse amene anasokapo.

Mayi aja atabwera kudzatenga, amuna anga analiika pakauntala ndi manja awiri, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kudikira kuyamikiridwa.

"Ili ndi langa lomwe lija?"

"Lomwelo, mayi."

Sanayang'ane chikuto chobiriwira chija. Analitembenuza cham'mbali, n'kuyendetsa chala chachikulu m'mphepete kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anachitanso kachiwiri.

"Nanga pakuda paja?"

"Litsiro lonse ndachotsa, mayi. Linalowerera kwambiri, koma latha."

"Ii, bambo. Zija zinali zala zawo."

Anafotokoza modekha, maso ali pabukulo. Iwo sadziwa kuwerenga. Amuna awo ndiwo ankawawerengera akaweruka, atakhala pakhonde, manja atangosamba mwa apo ndi apo, poti girisi wa makanika sachoka ndi sopo. Chapakati pa bukulo panali malo amene mayiwo ankawakonda kwambiri: munthu akubwerera kwawo pasitima atagulira mkazi wake makina osokera, ndipo ulendo wonse anawafungatira pamiyendo, kukana kuwaika pansi ngakhale miyendo itachita dzanzi. Ankapempha kuti awabwerezere pamenepo kambirimbiri, moti masambawo ndiwo anada kuposa ena onse, ndipo pakona ina chala chinadindika bwinobwino, ndi chipsera chake chomwe. Chimwalirire amuna awo, ankatsegula pakudapo, kuika chala chawo pa chala chija, mawu n'kumabwerera okha m'makutu.

Atamaliza anathokoza. Anati taonani ntchito yabwino, Mulungu akudalitseni, n'kukulunga buku lawo mumpango. Bola akanatukwana. Mayiwo atangotuluka, amuna anga anathamangira kuseri kukavundukula thumba la zinyenyeswa za mapepala. Linali lopanda kanthu. Bambo wina woweta nkhuku amabwera kudzatenga zinyenyeswazo kuti akayalire anapiye, ndipo anali atadutsa kale. A Levulo anamulondola mpaka kwawo. Munthu amene salola kadontho pamalaya anakagwada m'khola la eni kufukula zitosi, ndipo anabwerako chimanjamanja, nsapato zikununkha.

Ndinawauza kuti madzi akatayika sawoleka, koma ndinaona ndekha kuti mawuwo sanawathandize chilichonse. Chimpeni chija anachifunditsa nsalu. Chakudya ankangochitosatosa. Ankabwerezabwereza kuti chimene anadula sichinafike ngakhale kukula kwa chikhadabo cha kachala kakang'ono, ngati kuchepako kungawapepuzire mlandu. Ine ndinali ndi mkwiyo ndi chisoni pamodzi. Moyo wawo wonse akhala akufunsa makasitomala za mtundu wa pepala ndi kukula kwa zilembo, koma analephera kufunsa mayi wamasiye funso limodzi lokha, lakuti bukuli mumatani nalo.

Tsiku lina ndinawapeza atapaka inki kuchala chachikulu, akudinda pamakona a mapepala otaya, kenako n'kumayang'anitsitsa.

"Mukutani, bambo?"

"Ndimati mwina akabweranso, nditati ndisakanize ndi kagirisi pang'ono..."

"Musayerekeze. Mwawachotsera chala cha amuna awo, ndiye mufuna muwapatse cha mwamuna wa eni?"

Anapita kukasamba m'manja, ndipo anatenga nthawi yaitali kumpopiko.

Mayi aja anabweradi, patapita masabata angapo, mpango womwe uja uli m'manja. Anati, "Bambo, ndasochera m'buku langa lomwe. Paliponse pakufanana. Ndipezereni pamene pali munthu wa makina osokera uja, muikepo kaulusi kuti ndizipadziwa."

Amuna anga anatsegulatsegula chapakati, maso akuthamanga m'mizere, osapeza. Ndinati andipatse ine, poti ndimawerenga msanga, koma anakana. Anati anawononga ndi iwo, ndiye apeza ndi iwo. Mayiwo anati bola angowawerengera mokweza kuyambira poyamba, akafika pamalopo adzazindikira okha.

Kuyambira pamenepo, masana malonda akazizira, mayiwo ankabwera n'kukhala pampando kuseri kwa katani, a Levulo n'kumawawerengera. Mawerengedwe ake, Mulungu andikhululukire, anali ngati a munthu wolengeza za maliro. Ankaima pakati pa chiganizo kudandaula kuti chilembo ichi chinathyoka, mayiwo n'kumati, "Pitirizani bambo, zimenezo n'zanu." Wometa tsitsi ankasuzumira pakhomo kufunsa ngati tatsegula sukulu ya kwacha. Bukulo linali la abale awiri olimbirana sitolo ya bambo awo. Pang'onopang'ono amuna anga anasiya kuona zilembo zothyoka. Tsiku lina pakudya anandifunsa ngati ndikuganiza kuti wamng'ono uja achita bwino kugulitsa katundu mkulu wake kulibe, ndipo ndinatsala pang'ono kutsamwa.

Atafika chapakati, anawerenga kuti mkulu uja anakwera sitima kubwerera kwawo. Ndinamva mpando ukukhuluzika.

"Apo! Ndi pamenepo! Pitirizani."

Anapitiriza. Chiganizo chotsatira chinati anafika kukucha, n'kupeza sitolo yotseka.

"Mwadumpha, bambo."

"Sindinadumphe, mayi."

"Mwadumpha. Akuyenera kukangana kaye ndi woona matikiti, amene ankati makinawo akaikidwe kokhala katundu. Ndiye pali mwana amene ankafuna kupukusa gudumu lake. Kenako akufika, mkazi wake ali kumbuyo kwa nyumba akuyanika zovala."

Amuna anga anatuwa. Anaganiza kuti ataya masamba posoka, mlandu wina pamwamba pa unzake. Anandiitana, tinaona manambala a masamba limodzi, ndipo onse ankatsatana bwinobwino popanda losowa. Ine ndinawerenganso tsambalo ndi oyandikana nalo. Sitima inalipo mzere umodzi wokha. Mayiwo anati mwina zili kutsogolo, ndiye anapitirizabe masiku otsatira mpaka tsamba lomaliza. Abale aja anagwirizana, sitolo inatsegulidwa, koma makina osokera sanatchulidwe paliponse.

A Levulo anatseka bukulo. Ndinasiya kauntala n'kukaima pakatani. Mayiwo anali atagwira pakamwa, ndipo mapewa ankagwedezeka. Ndinayesa akulira, koma anali akuseka.

"Wabodza uja," anatero. "Ankangopeka yekha! N'chifukwa chake tsiku lina makinawo ankakhala akuda, tsiku lina agolide. Ndikafunsa, ati iwe sumva bwino."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anatiuza kuti chaka chimene anakwatirana, amuna awo anawalonjeza makina osokera. Kunabwera ana, kunabwera matenda, lonjezo lija linangokhala choncho, ndipo palibe amene ankalitchulanso. Kuseka kuja kunatha pang'onopang'ono. Anatenga bukulo, n'kulitsegula pamene panali sitima, pamene amuna anga anali ataikapo kale kaulusi kofiira. Anayang'ana zilembo zija nthawi yaitali.

"Ndiye kuti mawu onsewa ndi a mlembi wake," anatero. "Za amuna anga zinali za m'mphepete zokha zija."

Sanalankhule moloza munthu chala, anangonena mmene zinthu zilili. Amuna anga anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire zonsezi ananena mawu amene anayenera kunena kalekale.

"Ndinalakwa, mayi. Ndikanafunsa. Pepani."

"Munkafuna kundikonzera, bambo, ndikudziwa."

Anaimirira, napinda mpango wawo bwinobwino n'kuuika m'chikwama. Bukulo analisiya patebulo pafupi ndi mphika wa guluu. A Levulo analinyamula n'kuwatsatira mpaka pakhomo, atalitambasula ndi manja awiri.

"Mayi, buku lanu."

"Likhale konkuno. Ndi lokongola kwambiri, wina adzaligula. Kwathu kulibe woliwerenga."

Anatsika pakhonde n'kulowa m'gulu la anthu opita kokwerera basi. Amuna anga anaima pakhomopo mpaka wokonza mafoni anawafunsa ngati ali bwino. Atalowa, anandifunsa kuti bukulo aliike pati. Lili pansi pa kauntala, kumbuyo kwa mapepala okutira. Safuna kuliona, komanso salola kuti ndiligulitse.