Tsiku Limene Tinaba Ndege ya Adadi

Ndikukumbukira chilimwe cha 2018 chifukwa cha udzu. Kuno ku England udzu suuma, koma chaka chimenecho dzuwa linakwiya mpaka mapaki a ku Loughborough anafiira ngati bwalo la mpira la kumudzi mu Okutobala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo mchimwene wanga Mayeso anali wamkulu pang'ono, pa msinkhu uja mnyamata amaona ngati palibe chimene sadziwa.

Adadi anakulira pafupi ndi Chileka, akuperekeza ndege ndi maso. Atabwera kuno n'kupeza ntchito pa kampani yokonza makina, anasonkherana ndi azungu awiri akuntchito n'kugula kandege kakale ka mipando iwiri. Kanali koyera, mapiko ake a nsalu yolimba ngati ya tenti, ndipo kankagona m'shedi pa famu ya bambo wina wokalamba dzina lake a Hobbs, panjira ya ku Melton. Amami, omwe ndi namwino, ankakatchula kuti mkazi mnzawo. Loweruka lililonse Adadi akamamanga nsapato, Amami ankati, "Mukandiperekere moni kunyumba yaying'onoko."

Ine ndinakwerako kamodzi n'kusanza. Mayeso ankapita kawirikawiri, ndipo akafika m'mwamba Adadi ankamugwiritsa ndodo yowongolera kwa kanthawi. Pamenepo m'pamene panayambira matenda. Ankandiuza kuti ndege ndi yosavuta kuposa galimoto, poti kumwamba kulibe maraundabauti.

Loweruka lina Adadi anapita ku Nottingham pa maliro a Mmalawi mnzathu, Amami ali pa shifiti ku Leicester. Mayeso anatulukira m'khitchini akuzunguza makiyi a shedi pachala. Anati tingokayendetsa pansi basi, osauluka. Sindinganame kuti anandikakamiza. Ndinayamba ndine kutulutsa njinga.

M'shedimo munkanunkha petulo, girizi ndi ndowe za nkhosa. Tinakankha kandegeko mpaka pa msewu wake wa udzu, ndipo ndinadabwa kupepuka kwake, ngati ngolo yopanda katundu. Tinamanga malamba. Injini inatsokomola, kenaka inabangula, mpando wonse n'kumanjenjemera pansi panga. Ulendo woyamba tinathamanga mpaka kumapeto n'kutembenuka bwinobwino, ine ndikuseka ngati wopenga. Wachiwiri Mayeso anawonjezera moto. Kamphepo kanabwera chakutsogolo, ndipo mwadzidzidzi kugwedera kwa matayala kunangoti zii. Ndinasuzumira pansi n'kuona misana ya nkhosa ikubalalika, ndiponso denga la shedi, limene sindinkadziwa kuti linali ndi dzimbiri chotero.

Mayeso anali atasiya kalekale kuyankhula Chichewa. Amami akamufunsa kanthu, ankayankha m'Chingerezi. Koma tsiku limenelo, nkhope itatuwa, anakuwa kuti, "Mayo ine! Tadala, pemphera!" Ine pemphero lokha limene linabwera m'mutu linali lodalitsa chakudya, ndipo ndinalinena lonse mpaka ameni.

Anachepetsa moto. Tinadutsa pamwamba pa mpanda wa minga pafupifupi kuukhudza, n'kugwera m'munda wa tirigu. Kandege kanadumpha ngati chule, tayala lakutsogolo linathyoka, mphuno inalowa m'dothi, phiko limodzi linang'ambika ndi phokoso la nsalu. Kenaka bata. Ndinkangomva injini ikuthetheka ndi kutentha, fumbi likulowa m'mphuno, m'kamwa muli mchere wa magazi poti ndinali nditadziluma lilime. Dzanja la Mayeso linali litapindika pamalo pamene dzanja silipindika. Tinakwawa kutuluka n'kukhala pansi pakati pa tirigu, osayang'anana.

A Hobbs anafika pa thalakitala, nkhope ili psuu, akutukwana mawu amene sitinaphunzire kusukulu. Ataona kuti tonse tikupuma, anavula chipewa, n'kukhala nafe pansi pomwepo mpaka ambulansi ndi apolisi atafika.

Anatitengera ku chipatala chomwe Amami ankagwirako ntchito. Amami anatsika ali mu yunifolomu. Anandiyang'ana m'maso, kundisisita khosi, kundigwira nthiti imodziimodzi ngati wodwala aliyense. Atatsimikiza kuti ndine wamphumphu, anandipotokola khutu mpaka ndinaona nyenyezi, kenaka anandikumbatira n'kuyamba kulira, anamwino anzawo akunamizira kutanganidwa ndi makatani.

Adadi anafika madzulo ali mu suti yakuda. Tinkadikira mkuntho. Iwo anaima pakati pa mabedi athu, dzanja lina pamutu panga, lina paphewa la Mayeso.

"Ndachoka pa maliro," anatero motsitsa mawu. "Mumafuna ndipitirire pa ena?"

Za ndegeyo sanafunse. Ndikanakonda akanatikwapula.

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono ngati mvula ya kuno. Apolisi anatifunsa mafunso Adadi ali pompo, ndipo Mayeso anapatsidwa chenjezo limene linamutsata zaka zingapo. Adadi nawonso anafunsidwa kuti makiyi ankawasiya bwanji poyera. Kandegeko sikanakonzekenso. Pofuna kuti anzawo aja asaluze chifukwa cha ana a mwini, Adadi anagulitsa galimoto yathu, ndipo chaka chonsecho banja lathu linadziwana bwino ndi madalaivala a mabasi. Tchuthi chotsalacho tinachithera pa famu ya a Hobbs, ine ndikupala ndowe m'khola, Mayeso akupenta geti ndi dzanja limodzi, lina lili mu pulasitala. Masana mkazi wa a Hobbs ankatipatsa tiyi ndi buledi wa tchizi, n'kumatiyang'ana akupukusa mutu.

Ku tchalitchi nkhani inatitsogolera. Mayi wina wochokera ku Kasungu anandigwira tsaya n'kunena mokweza kuti, "Ana a anzathu amaba nyama mumphika, koma awa ndiye ayi, amaba ndege!" Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi, Amami atazolika.

Koma chilango chenicheni chinali Loweruka. Adadi ankadzuka m'mamawa monga mwachizolowezi, kuvala, kenaka n'kumangozungulira m'nyumba. Ankatsuka mbale zotsukatsuka, kumanga zitseko za kabati zomwe sizinali zomasuka. Tsiku lina Mayeso anawapeza m'khitchini n'kuwapepesa m'Chichewa chake chothyokathyoka, mawu akumuthawa. Adadi anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumukonza mawu amodzi amene anawatchula molakwika, kenaka anamupatsa nsalu yopukutira mbale. Ine ndinali pa masitepe, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Lero pa famu paja pali nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, malole akulowa ndi kutuluka. Ana a masiku ano sangasowe tsiku lonse ngati ife, poti foni imauza makolo pamene mwana waponda. Mayeso ali ndi mwana wake, ndipo amayendetsa galimoto pang'onopang'ono mpaka njinga zimamupitirira. Adadi sanaulutsenso ndege. Ndinatenga nthawi kuti ndimvetse kukula kwa chimene tinawalanda, chifukwa iwo sanatiuzepo.

Chodabwitsa n'chakuti tsopano amene amaikamba nkhaniyi ndi Adadi. Pakakhala alendo, amatsamira pampando n'kuyamba, ndipo chaka chilichonse ulendo wathu umatalikirako. Pa Khirisimasi yapitayi tinali titatsala pang'ono kufika ku mzinda wa Derby.

"Ana anga awa," anatero akutiloza monyadira, "anaulutsa ndege popanda wowaphunzitsa."

Amami sanatukule n'komwe mutu pa mbale yawo. "Anagwetsa, bambo. Nenani kuti anagwetsa."