Mmene Amayi Anadwalira Impso Poopa Mnzawo wa Kuntchito

Chizindikiro choyamba ndinachiona mwezi wa Juni, mvula ya kuno itayamba. Amayi akafika kuchokera kuntchito ankapita kuchimbudzi kangapo tisanadye n'komwe. Chimbudzi chathu ku Dunoon, dera limene timakhala kuno kudziko la eni, chili panja ndipo timagawana ndi mabanja ena, ndiye munthu sapitako pamvula popanda chifukwa. Pobwera ankakhala pabedi phee, atagwira m'chiuno. Nditawafunsa anati ndi kuzizira chabe.

Dzina langa ndine Tadala, ndili giredi 11, ndipo timakhala awiri basi. Amayi ndi namwino panyumba yosamalira okalamba ku Table View. Amasambitsa agogo, kuwamwetsa mankhwala ndi kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda.

Pa shifiti yawo panali namwino wina, Sisita Denise, amene anayamba ntchito pamalopo kale kwambiri. Sanali bwana wawo, udindo unali umodzi. Koma Amayi analeredwa kuti munthu amene wamupeza pamalo ndi wamkulu, sumuyankha ndipo suchoka osamutsanzika. Choncho akafuna kupita kuchimbudzi ankayamba apempha. Sisita Denise ankayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Panonso? Kodi munabwera kudzasamala odwala kapena kudzayendera mapaipi?" Nthawi zina ankawauza kuti ayambe amaliza kuyala mabedi onse. Ankanenanso pamaso pa anzawo kuti Amayi amasowa ntchito ikachuluka.

Amayi anaopa kuti mawuwo afika kwa a matironi, mkulu wa anamwino, ntchito n'kutha. Ndiye anapeza njira yawoyawo. Anasiya kumwa madzi kuntchito, ngakhale tiyi wam'mawa, ndipo mkodzo ankaugwira mpaka kuweruka. Zonsezi ine ndinadzazimva tili kale m'chipatala.

Patapita masabata angapo, mkodzo unayamba kuwotcha ndipo unada. Anagula panado ndi mankhwala a ufa ku famase, ululu unachepa pang'ono, iwo n'kumapitabe kuntchito. Ndinawapempha kuti tipite ku kiliniki. Anakana, amvekere kujomba tsiku limodzi n'kupatsa Sisita Denise chonena.

Loweruka lina m'mawa, mu Julayi, thupi lawo linatentha kwambiri. Ankanjenjemera mpaka bedi kugwedezeka, kenaka anayamba kusanza. Nditawapatsa madzi anandiyang'ana n'kunditchula dzina la mng'ono wawo amene ali ku Dedza. Apo ndinachita mantha. Ndinathamangira kwa Anti Asiyatu, aneba athu ochokera ku Mangochi, ndipo iwo anapeza galimoto yotitengera kuchipatala.

Kumeneko anawayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, natiuza kuti tidikire. Mabenchi anali odzaza. Amayi anatsamira paphewa panga, ine ndikuyang'ana chitseko nthawi iliyonse chikatseguka. Atatiitana anatenga mkodzo ndi magazi. Dokotala anawagogoda pang'ono kumsana, pansi pa nthiti, ndipo Amayi anabuula. Iye anati matenda anayambira m'chikhodzodzo n'kukwera mpaka ku impso, ndipo tizilombo tayamba kulowa m'magazi. Anati tikanachedwabe, impso zikanatha kuwonongekeratu. Anawagoneka tsiku lomwelo.

Mwayi wake sukulu inali pa tchuthi, ndiye ndinkapita masana aliwonse pa nthawi yoona odwala. Amayi anali pa diripi yamadzi ndi yamankhwala. Anamwino ankabwera pafupipafupi kudzayeza kutentha kwa thupi, ndipo mkodzo wonse ankauyeza kuchuluka kwake kuti aone ngati impso zikugwira ntchito. Masiku oyamba kutentha kunkatsika n'kukweranso. Ndinkawapukuta kumaso, kuwadzoza mafuta pamilomo yong'aluka ndi kuwamwetsa phala ndi supuni. Tsiku limene ndinawathandiza kusamba anayang'ana kukhoma, ali ndi manyazi. Anati manja awo asambitsa anthu ambiri koma sanaganizepo kuti mwana wawo adzawasambitsa msanga chonchi. Ndinawauza kuti ndinaphunzira poonerera iwo, ndipo akandidzudzula ndisiya sopo kumsana. Anaseka koyamba chidwalireni.

Mu wodiyo munali namwino wachikulire, Sisita Nomsa. Atamva kuti Amayi ndi namwino mnzake, anakoka mpando n'kufunsa kuti zinatheka bwanji munthu wodziwa matendawa kufika pamenepa. Amayi anafotokoza zonse, ine ndili pomwepo. Sisita Nomsa anati, "Mama, matenda amenewa amatigwira ambiri ife. Koma kuchimbudzi sapempha. Mumamuuza mnzanu kuti aone odwala anu, n'kupita. Mukapempha, mwamupatsa mpata wokana." Anawauzanso kuti a matironi ayenera kumva nkhaniyi kwa iwo eni.

Kutentha kutasiyiratu anatitulutsa, natipatsa mapilitsi oti amalize onse ngakhale atamva bwino. Kunyumba anali ofooka, akayenda pang'ono ankafuna kukhala. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere chinali tsiku lobwerera kuntchito. Ndiye tinayamba kuyeserera. Ine ndinkakhala Sisita Denise, nditavala wotchi yawo n'kukwinya nkhope. Amayi ankaima pakhomo kuti anene mawu awo. Poyamba sankatha. Ankaweramitsa mutu, manja pamodzi, n'kuyamba ndi "chonde". Ine ndinkati, "Ayi, mwapemphanso, bwerezani." Anti Asiyatu atatipeza tikuchita zimenezi anaseka mpaka kukhala pansi. Tinapitiriza mpaka Amayi anatha kunena akundiyang'ana m'maso.

Atabwerera anayamba kwa a matironi. A matironi anawaitana onse awiri ndipo anakhazikitsa nthawi yopuma ya aliyense. Sisita Denise sanapepese. Tsiku lomwelo Amayi anamuuza kuti, "Ndikupita kuchimbudzi, muwaone agogo a pabedi lapakona." Iye anangoti, "Pitani." Amayi anapitadi.

Mpaka pano awiriwa si mabwenzi. Moni amayankhidwa tsiku lina, tsiku lina ayi, ndipo mawu obaya sanatheretu. Amayi akuti akawamva amangopitiriza ntchito, ndipo akapitirira malire amakanena kwa a matironi. Atapita kukayezetsanso magazi, dokotala anati impso zonse zikugwira ntchito bwino. Thupi labwerera, chakudya akudya, ndipo Lamulungu ayambanso kuimba kwaya.

Ndalemba izi chifukwa kuno kuli amayi ndi azakhali ambiri ochokera kwathu amene amasamala okalamba ndi odwala, ndipo ambiri amapirira zinthu mwakachetechete poopa kutaya ntchito. Mkodzo ukayamba kuwotcha, m'chiuno mukamapweteka, thupi likatentha, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo. Mnzanu wa kuntchito akamakuzunzani, kauzeni amene ali ndi udindo thupi lisanagonje. Ndipo kwa ana anzanga, mayi anu akakana kupita kuchipatala, itanani munthu wamkulu amene angamumvere. Adzakukwiyirani ndithu, koma adzakhala alipo kuti akwiye.