Munthu wa Nkhuni pa Galasi la Amalume

Galasi lija linali la zenera, limodzi mwa aja aatali otsegula mopendeka, lobenthuka pangodya imodzi. Amalume analitola kuseri kwa nyumba zakale za boma kumtunda kwa tauni. Analikhomera m'kabokosi ka matabwa, n'kukhomanso misomali iwiri pamwamba, yokolowekapo mapepala oboola kuti asasunthe. Akaliika pakhomo m'mawa, kuwala kunkalowera pansi, ndiye pepala lapamwamba linkaonetsa chithunzi cha pepala lapansi. Ngodya yobenthuka ija inandicheka chala kangapo, koma sindinkalira, kuopa angandiletse kukhala pafupi.

Tinkakhala ku Chikanda, ine ndi amayi. Amalume, mlongo wawo wa amayi wamng'ono, anabwera kudzakhala nafe ndili Sitandade 5, matipate atangolowa kumene, nthawi ija sukulu yaulere inatidzaza m'kalasi mpaka ena kumakhala pazenera. Anali atasiya koleji. Anthu ankati ndi chifuwa, ndipo akamanena ankatsitsa mawu. Ine chimene ndinkaona n'chakuti lamba wawo ankangowonjezeka zibowo.

Asanasiye kolejiko, kunabwera aphunzitsi ena, mayi wa imvi amene anaphunzira kunja, kudzaphunzitsa luso loyendetsa zithunzi, makatuni aja tinkaonera pa vidiyo kumsika. Amalume zinawalowa m'magazi. Aphunzitsiwo anawauza kuti ajambule munthu akuyenda, pepala ndi pepala, ndipo iwo adzabweranso chisanu chikamatha ndi kamera yawo. Ntchito ikadzakhala yabwino, adzawapezera malo kusukulu ya luso limeneli kunja kwa dziko. Amalume analibenso china choyembekezera. Akadzuka ndi chimenecho, akagona ndi chimenecho.

Loweruka ankanditenga kukwera msewu wa kuphiri. Sitinkafika kutali. Ankakhala pamwala uliwonse, n'kumanamizira kuti akuonetsa ine malo. Chiperoni chinkatsika ndi nkhungu yake, masaya n'kuchita dzanzi, fungo la paini wonyowa lili ponseponse. Anyamata ogulitsa masitoberi m'timbale ankatiyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti sitigula. Ife tinkadikira anthu a nkhuni. Ankatulukira m'nkhungumo mmodzimmodzi, mitolo yaitali pamutu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira chotero.

"Usayang'ane nkhope," ankatero amalume. "Yang'ana chidendene. Munthu wonyamula katundu sayenda, amagwa n'kudziwakha."

Ndinkaseka, poti ndinkati akunena zamisala. Lero ana amene ndimawaphunzitsa makatuni ndimawauza mawu omwewo, nawonso amaseka.

Kunyumba ankajambula munthu mmodzi yekha: bambo wa chipewa chophwanyika, mtolo wa nkhuni pamutu, akutsika phiri. Pepala lililonse munthu yemweyo, phazi litangosuntha pang'ono, pang'ono zedi, moti ukayang'ana awiri oyandikana sungaone kusiyana. Mulu unakula pampando mpaka kufika m'chiuno mwanga. Akagwira mapepala angapo pakati pa zala n'kumawaphethiritsa, munthu uja ankaponya mwendo. Mayo ine! Tsiku loyamba ndinathawira panja.

Amayi ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa kwa ana a koleji amene ankachita lendi m'dera lathu. Iwowa ankafuna zokulunga, sankalandira chitumbuwa ndi manja ngati ife. Tsiku lina amalume anapita kukalandira mankhwala, ine ndili kusukulu, nyuzipepala zakale zinawathera amayi, makasitomala ali pakhomo. Analowa m'nyumba, anaona mulu uja, anatsegula pamwamba, pakati, pansi. Munthu yemweyo. Anasolola apakati, ochuluka ndithu, n'kusanja bwinobwino otsalawo.

Ndinalipo madzulo amalume akuphethiritsa mapepala aja. Munthu wa nkhuni anaponya mwendo pamwamba pa phiri, kenaka mwadzidzidzi anali kumunsi, pafupi ndi mlatho. Anabwerezanso. Anaitana achemwali awo ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Koma achimwene, si onse amodzimodzi?" anatero amayi, manja ali ufa okhaokha. "Ndasamala ine, ndasiya oyamba ndi omaliza. Ndangotengako apakati."

Amalume sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokhala pansi penipeni, pasimenti, n'kutsokomola nthawi yaitali.

Ndinathamanga m'tinjira ta Chikanda kutolera mapepala m'ngalande ndi kuseri kwa zipinda za ana a koleji. Ndinapeza ochepa, ofwanyika, onyowa, mafuta atawalowerera mpaka kumaonekera kuseri. Amalume anakweza limodzi n'kuyang'ana dzuwa. "Taona, achemwali atipangira pepala losafuna galasi," anatero, n'kuseka pang'ono. Amayi anali kukhitchini, ndipo ndinamva akufwenthera.

Sindimawaimba mlandu amayi, ndipo wina asayerekeze kutero pamaso panga. Zitumbuwa zimenezo n'zimene zinkagula mapensulo, n'zimenenso zinkagula mkaka wa wodwala. Ndani anawafotokozerapo kuti munthu angajambule chithunzi chimodzi kambirimbiri n'kukhala kuti chilichonse n'chofunika?

Vuto linali lakuti dzanja la amalume silinalinso lija. Linkanjenjemera, mzere n'kumatuluka ngati njira ya nyerere. Chisanu chinali chitapita pakati. Ndiye m'mawa wina anandikhazika pa galasi paja, n'kundiveka juzi yawo yonunkha mankhwala opaka pachifuwa. Anati iwo azijambula zithunzi zikuluzikulu, pamene phazi laponda ndi pamene lanyamuka, ine ndizijambula zapakati. Unkaika pepala loyamba ndi lomaliza pamisomali, loyera pamwamba, n'kupeza pamene mwendo uyenera kukhala pakati pa awiriwo.

"Usathamange, iwe. Munthuyo walemedwa."

Ndinajambula mpaka chala chinachita chithuza. Anzanga ankadzandiitana kukasewera fulaye, ine n'kumawayankha monyada kuti ndili pantchito. Poyamba amalume ankandisiyira pepala limodzi pakati pa awo awiri. Kenaka atatu. Kenaka ankajambula chimodzi m'mawa, n'kugona, china madzulo, mpata wonsewo n'kukhala wanga. Ndinkayenda modzitukumula Chikanda yense. Ndinkati aona kuti ndadziwa.

Tsiku lina anaphethiritsa mapepala anga, anayang'ana nthawi yaitali, n'kutsegula pakamwa ngati akufuna kundikonza. Anandiyang'ana ine, anayang'ananso mapepala. "Akuyenda," anatero. "Pitiriza."

Tinamaliza mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi. Aphunzitsi aja anabweradi, anatenga mulu wonse m'katoni ya sopo, n'kunena kuti kujambula ndi kamera kutenga masabata angapo. Anagwira dzanja la amalume nthawi yaitali. Sabata yotsatira achibale anabwera ndi galimoto yobwereka n'kuwatengera amalume kumudzi ku Malosa, ati akapume mpweya wabwino. Anawanyamula pamatilesi. Tinawaika m'manda mitengo ya mango isanayambe kugwetsa maluwa.

Patapita nthawi aphunzitsi anatuma munthu kuti tipite kukoleji. Amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, kumutu kukadali kometa. Anatilowetsa m'chipinda chotchinga makatani, mmene munali kanema wamkulu pa tebulo. Aphunzitsi ananena motsitsa kuti malo aja a kusukulu ya kunja anapezeka, amalume akanapita. Amayi anangogwedeza mutu. Kenaka kanema anayaka.

Munthu wa nkhuni anatulukira pamwamba pa phiri. Pamapepala, m'zala za amalume, ndinkangoona masitepe awiri kapena atatu. Apa ankayenda ulendo wonse, ndipo ndinaona chimene sindinachionepo: mwendo wamanzere unkatsalira. Ankauponda mofulumira ngati pansi pakutentha, chiuno n'kugwera mbali, mtolo n'kupendama, kenaka n'kudzuka.

Amayi anaimirira, mpando unagwa. "Abambo!" anakuwa. "Awa ndi abambo anga!"

Agogo aamuna anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo kunalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva kuti ankatsitsa nkhuni m'phiri lomwelo, mtengo unawagwerapo pabondo, ndipo anakoka mwendowo mpaka ana awo anaphunzira. Papepala loima amayi sakanawazindikira. Nkhope inali ya munthu aliyense. Bambo awo anali m'mayendedwemo.

Ndiye munthu uja anafika pakati pa phiri, pa zithunzi zanga. Kutsimphina kunatha. Anawongoka, miyendo yonse iwiri n'kumaponda mofanana, myaa, ngati mnyamata wopita kumpira. Anayenda choncho mtunda wonse wa mapepala aja anakulungira zitumbuwa. Pafupi ndi mlatho, pamene mapepala akale a amalume ankayambiranso, mwendo unayambanso kutsalira.

Amayi anapempha kuti abwereze. Anabwereza. Ulendo wachiwiri, atafika pakati paja, amayi anaphimba nkhope ndi chitenje.

Tsopano ndikudziwa kuti kutsimphina sikukhala m'zithunzi zikuluzikulu, kumakhala m'zapakati, mmene wazitalikitsira ndi mmene waziyandikizira. Amalume anaona zimenezo tsiku lija, n'kusankha kukhala chete. Mpata umene ankandisiyira sunkakula chifukwa cha luso langa ayi.

Koma pobwerera kunyumba ndinali mwana, ndipo ndinkadumphadumpha patsogolo pa amayi m'fumbi la msewu wa ku Chikanda. "Mwaona zanga, amayi? Paja amayenda bwino paja, ndajambula ndine! Mwaona?"

"Ndaona, mwanangu," anatero, osandiyang'ana.

Ndinakwiya njira yonse kuti sanandiyamikire. Sindikanamvetsa kuti pamene ine ndinkanyadira ndi pomwe iwo anataya bambo awo kachiwiri, ndi manja awo omwe, ndipo munthu yekhayo amene akanatha kubwezeretsa mwendo umenewo tinali titamusiya ku Malosa.