Zikhomo za Kuseri kwa Nyumba

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, Azikhomo ankapita kuseri kwa nyumba kukawerenga zikhomo zawo. Anazikhoma okha, chimodzi pa phazi lililonse, kuyambira pakhoma la kuchipinda mpaka paphompho pomwe mtsinje unkadutsa. Mtsinje ukagumula dothi, chikhomo chinkapita nalo, iwo n'kudziwa kuti kwatsala mapazi angati. N'chifukwa chake dzina lawo lenileni anthu analiiwala.

Anabadwira m'katawuni komweko, kadakali ndi misewu itatu, zigayo ziwiri, depoti ya mbewu ndi mabanja opitirira mazana atatu. Kanamangidwa m'chigwa chifukwa dothi lake ndi lakuda, loti ngakhale ndodo ukaizika imaphuka. Anthu analima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, nadula bango lonse kuti apezepo mizere ina iwiri. Mtsinje sunayankhe msanga. Kenaka unatenga msewu wa kumunsi, patapita zaka unatenganso wapakati pamodzi ndi chigayo chimodzi. Ambiri anasamukira kumtunda, kufupi ndi sukulu, komwe kuli miyala yokhayokha. Mumsewu womalizawo munatsala makomo khumi ndi anayi, ndipo onsewo tulo ankatipeza chifukwa cha zikhomo zija.

"Zatsala zingati lero, achimwene?" ankafunsa Atelala, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba, ali pamakina awo osokera.

"Makumi awiri ndi zitatu."

"Ndiye ine ndifa ndi ukalamba. Madziwo adzandipeza nditapita kale."

Chaka chimenecho mvula inagwa masabata awiri osakata, koma sipanapite chikhomo ngakhale chimodzi. Zimenezi zinawasowetsa mtendere. Tsiku lina masana mwana wawo wamkazi, yemwe ankagona kuchipinda cha kuseri ndi khanda la miyezi inayi, anawaitana.

"Ababa, chitsekochi chikukana kutsekeka. Komanso taonani botolo la mwanali."

Analigoneka pasimenti. Botololo linayamba kugubuduzika lokha, pang'onopang'ono, kulowera kumtsinje.

Azikhomo anatuluka panja. Anamanga chingwe cha ng'ombe pamtengo wa mango n'kutsikira kuphompho, ndi ukalamba wawo womwewo. Atafika pakati anasuzumira kunsi kwa gombe. Madzi anali atafukula phanga loti ngolo ingalowemo pamodzi ndi ng'ombe zake. Mizu ya mango inkangolendewera ngati ndevu, ndipo mkatikati, komwe maso sankafika, ankamva zibuma zikugwera m'madzi, chubwi, chubwi. Zaka zonsezi iwo ankayeza pamwamba, mtsinje ukudya pansi.

Atakwera analunjika kwa mwana wawo uja.

"Bereka mwana upite kusukulu. Usathamange, usakoke chilichonse cholemera."

"Nanga zovala zake?"

"Pita, mwanawe."

Anayenda khomo ndi khomo akulankhula monong'ona, ngati nthaka ingawamve. Wokonza njinga anayamba wawaseka, koma ataona matope ofiira m'mawondo mwawo anasiya sipanala n'kuyamba kutulutsa ana. Wangolo anafuna kuimika ngolo pakhomo kuti apakire malata, iwo anamukaniza kuti nthakayo singapirire kulemerako. Dzuwa likupendeka, makomo khumi ndi atatu anali pululu.

Atelala okha ndi amene anakana.

"Zikhomo zilipo zingati?"

"Zonse zilipo, koma pansi pake…"

"Basitu. Zaka khumi ndi ziwiri mwakhala mukundiuza nokha kuti ndizigona. Lero ndimvere matope a m'mawondo? Makinawa anandisiyira malemu amuna anga, sakwera phiri. Ndipo diresi la eni ake sindinamalize."

Anapitiriza kupalasa makina. Akaponda, Azikhomo ankamva kunjenjemera kukukwera m'miyendo mwawo kuchokera pansi. Pakhoma la Atelala panali mng'alu woti chala n'kulowa, umene dzulo lake panalibe.

Mwana wa Azikhomo uja anabwerera kudzawatenga, khanda atalisiya kwa akazi a aphunzitsi. Anaima patali, pamsewu, akuwakodola ndi dzanja. Iwo anapukusa mutu. Ankadziwa kuti mayiwo akhala chifukwa cha mawu awo, ndipo miyendo yawo sikanalola kukwera mtunda makina akulirabe m'nyumbamo.

"Usayandikire," anatero motsitsa mawu. "Ungondikankhira mpando wasiyidwa pamsewuwo. Ndikhala pakhonde pano mpaka atuluke."