Bambo Gudleik ndi Yisiti wa M'chigwa Chathu

Abusa andipempha kuti ndilembe za Bambo Gudleik Tveiterås m'nyuzi ya mpingo ya mwezi uno. Ndinawakumbutsa kuti ine mowa sindinaulaweko chibadwire, ndipo mbiri ya a Gudleik simungaikambe osatchula mowa. Iwo anati n'chifukwa chake asankha ine. Choncho amene mukhumudwe, madandaulo anu mukatule kwa abusa, osati pakhomo panga.

A Gudleik anabadwa nkhondo yaikulu ili pafupi kuyamba, pafamu yomaliza kumtunda kwa chigwa chathu, kumene dzuwa silifika m'miyezi yozizira. Anali mwana wa manja oyabwa. Asanayambe n'sukulu komwe anamasula wotchi yapakhoma ya bambo awo, n'kuibwezeretsa tizitsulo tina titatsala patebulo, koma wotchiyo inayenda. Aphunzitsi anawapezera malo kusukulu ya zamagetsi mumzinda wa Bergen, ndipo sutikesi inali itamangidwa kale pamene bambo awo anamwalira mwadzidzidzi. Panatsala mayi, azichemwali aang'ono ndi nkhosa. Mnyamatayo anamasula sutikesi ija, ndipo m'zaka zonse zimene ndinawadziwa sindinawamvepo akudandaula za sukuluyo.

Anakwatira Borghild, mkazi wa pakamwa pachangu ndi mtima wabwino, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Tordis. Kuyambira ukwati wawo mpaka mawondo atakana, a Gudleik ndiwo ankatsegula tchalitchi Lamulungu, kukolopola chipale chofewa pamasitepe ndi kuliza belu. Limba lathu litasiya kupuma, analiikira injini yochokera m'makina okamira ng'ombe, ndipo kwa zaka zambiri tinkaimba nyimbo zotamanda Mulungu kwinaku tikumva kakung'ung'udza ka m'khola. Loweruka pakhomo pawo pankakhala mzere wa anthu: wina wailesi, wina kachipangizo ka m'khutu, ndipo m'zaka zaposachedwa mafoni ndi makompyuta. Ukafuna kuwalipira ankati, “Undipempherere basi, koma utchule dzina lonse, a Gudleik tilipo angapo.”

Sindinganame kuti zonse zimene ankapanga zinkayenda bwino. Chitseko chodzitsegula chokha chimene anaika kutchalitchi chinatsekera a bishopu panja pa mvula. M'nyumba mwawo munkalira timabelu tosiyanasiyana, kena kakuti mazira apsa, kena kakuti nkhosa yatuluka, moti Borghild ankati anakwatiwa ndi mwamuna mmodzi ndi mawaya chikwi.

Tsopano za mowa. Achinyamata amene mumaona nkhata zamatabwa zitapachikidwa pamakoma a agogo anu ngati zokongoletsa, dziwani kuti kale zinali ndi ntchito. Banja lililonse linkafulula mowa wa barele ndi madzi ophikira nthambi za mkungudza, pa Khirisimasi, paukwati ndi pamaliro. Mowa ukawira ankaviika nkhata m'thovu lake n'kuipachika kudenga kuti yisiti, amene amawiritsa mowa, aumirepo, kudikira mowa wotsatira. Yisitiyo sankagulidwa. Anachokera kwa makolo, ndipo wako akasasa unkangopita kwa mnansi ndi kabotolo, iye n'kukupatsa osafunsa. N'chifukwa chake sanathe m'chigwa muno, pakuti akafa pakhomo lina ankakhala moyo pakhomo lina.

A Gudleik ankafulula mwaulemu ngati akukonza guwa. Sankafulula Lamulungu, ndipo palibe anawaonapo akudzandira. Ena pothira yisiti amakuwa mumgolo monga ankachitira makolo, koma iwo ankaimbiramo nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu awo osokosera aja. Ife a kunyumba ya mapemphero, amene sitimwa, tinkawadzudzula, ndipo iwo ankangomwetulira. Tsiku lina anandiyankha kuti, “Solbjørg, mowa wa pagulu ndi wina, wa kuseri kwa khola ndi wina. Ine ndimafulula woyambawo.”

Chimene chinkawadetsa nkhawa n'chakuti ofulula ankachepa chaka ndi chaka, ndipo nkhata zina zinkachita nkhungu chifukwa chosasamalidwa. Anaopa kuti yisiti wa makolo atha. Ndiye anagula firiji yaikulu youmitsa, anaiika m'shedi yawo yogwiriramo ntchito, n'kuikamo choyezera kuzizira ndi belu la batire loti lizilira ikayamba kufunda. Anayenda khomo ndi khomo kutolera yisiti wa banja lililonse m'kabotolo kakekake, kuti amene akufuna azidzatenga kwa iwo ali waukhondo. Tonse tinayamikira, kupatula mnzawo wa paubwana, Ottar, amene anaima pakhomo pa shedi manja ali m'thumba.

“Iwe Gudleik, chigwa chonse m'bokosi limodzi? Agogo ako anali ndi magetsi ngati?”

“Agogo anga analibenso mano, Ottar. Si zonse zakale zimene zinali zabwino.”

“Chabwino, katswiri. Tsiku lina udzatiika ifenso m'mabotolo.”

“Iwe sungakwane, mimba yakoyo.”

Anaseka onse awiri, ndipo patapita zaka zochepa Ottar yemweyo anatsuka nkhata yake n'kuipaka vanishi. Zinali zosavuta kupita kwa a Gudleik kusiyana n'kusamala wekha. Palibenso amene ankagogoda kwa mnansi ndi kabotolo.

Kenako Borghild anadwala. Anamutengera kuchipatala chachikulu mumzinda nthawi yotentha, ndipo a Gudleik anatseka nyumba n'kukakhala pambali pa bedi lake milungu yambiri, kumudyetsa, kumupesa tsitsi ndi kumuwerengera Mawu a Mulungu. Tordis anali pantchito kutali kumpoto. Kuno mphezi inawomba n'kuotcha fiyuzi ya magetsi a m'shedi, firiji n'kuzima. Belu la firiji lija linagwira ntchito yake mokhulupirika: linalira mpaka batire linatha. Anthu angapo odutsa pamsewu analimva, koma anangoti ndi zolira za kwa a Gudleik monga mwa masiku onse. Atabwera ndi thupi la mkazi wawo n'kutsegula firiji kuti afulule mowa wa maliro, anapeza yisiti wa m'mabotolo onse ataola.

Mowa wa pamaliro a Borghild unafululidwa ndi yisiti wa m'sitolo, ndipo amuna ankamwa maso ali pansi. Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, a Gudleik anaima pamasitepe chipewa chili m'manja n'kupepesa banja lililonse potchula dzina. Ottar anawagwira paphewa n'kunena kuti, “Basi iwe, madzi akatayika saoleka. Tonse tinatsuka nkhata zathu ndi manja athu.” Iwo anayankha kuti, “Munatsuka chifukwa ndinakuuzani kuti mwasungidwa. Mulungu anagawa yisitiyo m'makomo ambiri, ine n'kumuunjika pamodzi poganiza kuti ndikumuthandiza.”

Pano mtima wanga umandipweteka. Munthu amene anataya mkazi wake pomusamalira sanayenera kusenzanso mtolo wina, koma anausenza mwakachetechete zaka zonse zotsala. Sanasiye kuliza belu la tchalitchi, sanasiye kukonza zinthu za anthu, sanakwiyire Mulungu kapena amene anamva belu la firiji n'kudutsa. Koma nthawi yotentha iliyonse ankakwera m'mapiri kukafufuza m'nkhokwe zakale ndi m'tinyumba ta abusa a ziweto, kufunafuna nkhata imene palibe anaitsuka. Ofulula a m'zigwa zina anawapatsa yisiti wawo mokoma mtima. Ankathokoza, kufulula, kulawa, n'kupukusa mutu. Ankati wathu ankasiya kafungo kena kukhosi kamene sangathe kukafotokoza, koma akakamva angakadziwe ngakhale ali m'tulo. Lilime la a Gudleik palibe ankalitsutsa m'chigwa muno.

Chaka chino chipale chitayamba kusungunuka anagona pansi, mtima utatopa, ndipo Tordis anabwera kudzawasamalira. Ndinali komweko masana ena pamene Ottar analowa osagogoda, osavula nsapato, atanyamula chinthu chokulunga m'juzi. Adzukulu ake pogwetsa denga la nkhokwe yakale anapeza nkhata yakuda itakanirira kuseri kwa mtanda wa denga.

“Dzuka, waulesi iwe! Taona chimene ndakubweretsera.”

A Gudleik anaigwira n'kuinunkhiza. “Ya ndani?”

“Ya amayi anga, ndikuganiza. Mwina ya mbewa. Ndidziwa bwanji ine?”

“Tordis, mwanawe, wiritsa chimera pang'ono. Chizizire mpaka chifunde ngati mkaka wongokama kumene.”

“Ababa, adokotala anati mupume.”

“Ndikapuma kokwanira posachedwapa. Pita.”

A Gudleik anapalira fumbi la pankhatayo m'botolo la madzi a chimera aja, kulikulunga ndi juzi n'kuliika pafupi ndi kababu ka magetsi koti lizifunda. Ndiye chipangizo chomaliza chimene anapanga. Namwino akabwera ankamubwereka chomvetsera pachifuwa n'kuchigunditsa pabotolo, kumvetsera ngati muli kaphokoso ka thovu. Munalibe. Masiku anapita, botolo lili zii, iwo akunka nafooka.

Abusa atabwera ndi mgonero, a Gudleik analandira ali ndi nzeru zawo zonse. Anapempha Tordis kuti abwezere anthu mawailesi ndi mafoni amene anatsala m'shedi, n'kuwapepesera. Kenako anayang'ana botolo lija n'kunena kuti, “Zimene ndalephera kukonza ndamusiyira Mwini wake. Iye sataya tizitsulo.” Anamwalira m'mawa, dzuwa litangofika pawindo, dzanja lawo lili m'dzanja la mwana wawo. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamaliza ntchito ya tsiku.

Tordis pokonza chipinda tsiku lotsatira anatenga botolo lija kuti akalitaye, n'kupeza pamwamba payera thovu. Anathamangira kwa Ottar akulira. Anafulula awiriwo, Ottar akulangiza ali pampando, ndipo pofika tsiku la maliro mowa unali utapsa.

Chitsanzo chimene a Gudleik atisiyira sichifuna kuti ndichikometse. Anatumikira popanda malipiro, analakwitsa chifukwa cha chikondi, ndipo anavomera kulakwa kwawo pamaso pa anthu osaloza wina chala. Tordis wagawa yisitiyo m'makomo onse amene anavomera kulandira, ndipo wawapempha kuti asamubwezere.

Titachoka kumanda tinasonkhana m'holo, patebulo pali nyama yankhosa youmitsa ndi mbatatesi. Ine ndinali ndi khofi wanga, kuyang'ana amuna achikulire akupatsirana mbale ya mowa monga mwa mwambo. Wina analawa n'kunena kuti ndi womwewo, wa makolo. Wina anati ayi, wakale uja unali wotsekemera kuposa uwu. Wachitatu anavomera kuti papita zaka zambiri, sakukumbukanso. Onse anatembenukira kwa Ottar. Iye anamwa, anasunga mowawo m'kamwa nthawi yaitali, n'kumeza. Kenako anatembenukira kumanzere kwake, kumene mnzake ankakhala pamaliro onse a m'chigwa muno, n'kuyamba kunena kuti, “Iwe Gudleik, talawa...”

Sanamalize. Anaika mbale patebulo n'kuphimba nkhope ndi chipewa.